Khasu loyamba

Tsiku limenelo kunali mphepo yozizira yochokera ku mapiri a Nyika, ija imaumitsa milomo mwezi wa Juni. Dzuwa linali litatuluka koma silinkatenthetsa munthu. Ndimakumbukira mapesi ouma akukhulana m'minda yokololedwa kale, njiwa zikulira kutsidya kwa dambo, ndi jeke yodindira fodya ikulira pang'onopang'ono m'chigafa cha mnzanga. Ndinali pa njinga, ndikupita kuchipatala kukatenga mankhwala a mkazi wanga. Nditayandikira chigafacho jeke ija inasiya kulira, ndipo ndinamva phokoso lina, longa la munthu amene akupuntha thumba la nyemba.

Ndisanafotokoze zimene ndinaona, ndinene kaye za ine ndi mnzangayo.

Ine si wa kuno ku Mwazisi. Kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinabwera ndili mnyamata kudzaphunzitsa pa sukulu ya pulaimale, ndili ndi mkazi wanga, sutukesi imodzi ndi mphasa. Amene anatilandira anali mlimi wa fodya, mwini dziko lalikulu, munthu woseka mokweza. Anatipatsa malo omanga nyumba ndi kadimba. Ndiye anandiphunzitsa kupereka moni m'Chitumbuka, akuseka lilime langa mpaka misozi. Patapita zaka tonse awiri tinasankhidwa kukhala akulu a mpingo. Iye ankanditchula kuti asambizgi, kutanthauza aphunzitsi, ine ndinkamutchula kuti adada.

Mulungu anatipatsa mwana mmodzi yekha, wamkazi. Malungo anamutenga asanamalize pulaimale. Ku Ntcheu kunali kutali, ndipo mkazi wanga anakana kuti mwana akagone kumene iye sangathe kumayang'anako. Mnzangayo anati mwana aikidwe m'manda a banja lawo, m'nkhalango yaing'ono imene imaonekera pakhonde pathu.

Kumanda amenewo kuli mwambo wake. Anthu okumba amafika m'mamawa ndi makasu awo, koma palibe amene amayamba. Amadikira mwini manda, mkulu wa banjalo, kuti aloze malo ndi kutema khasu loyamba. Akatero ndi pamene ena amakumba. Tsiku la maliro a mwana wathu mnzangayo anatema khasu loyamba, kenaka anandigwira dzanja n'kundilozera pambali pake.

"Apa ndi pa amama," anatero, kunena mkazi wanga. "Apo ndi panu. Simulinso alendo."

Mkazi wanga anasunga mawu amenewo ngati mbewu. Atayamba kudwala matenda a impso, miyendo ikutupa, ankakhala pakhonde n'kumayang'ana nkhalango ija. Sankaopa. Ankati akudziwa kumene akupita ndi amene akagone naye pafupi.

Ndibwerere ku chigafa kuja. Nditakhota ndinaona ana awiri aamuna a mnzangayo, anthu akuluakulu a mabanja awo, ataimirira pa munthu wogona pansi. Wamkulu anali ndi chitsulo chopukusira jeke, wamng'ono ankaponda ndi jombo. Wogonayo anali tenanti wawo, bambo wochokera ku Phalombe, amene ankawalimira fodya pamodzi ndi mkazi wake. Ankamunena kuti wagulitsa fodya kumbali. Kaya anagulitsadi kaya ayi, sindinadziwe mpaka lero. Amayi awiri amene ankasankha fodya anali ataima chapatali, manja ali kukamwa.

Ndinafuula ndi mawu aja a m'kalasi. Anasiya. Wamkuluyo anaponya chitsulo pansi n'kunena kuti, "Monile, asambizgi," ngati takumana pamsika.

Tenanti uja tinamunyamula pa ngolo kupita naye kuchipatala. Anathyoka m'chiuno, ndipo diso limodzi silinaonenso. Apolisi atabwera anandifunsa zimene ndinaona, ine ndinanena. Sindinaganize kuti ndachita chinthu chachikulu. Munthu akakufunsa njira umamulozera.

Anyamatawo anamangidwa, kenaka anatuluka pa belo. Tinauzidwa kuti mlandu ukazengedwa kukhoti la ku boma, ndipo mboni ndi ine ndi amayi awiri aja.

Zinayamba pang'onopang'ono. M'mawa wina mmodzi wa amayiwo anapeza mbuzi zake zitatemedwa miyendo m'khola. Winayo anauzidwa kuti mwamuna wake ayambe kufuna kwina kolima. Ine ndinatuluka m'tchalitchi Lamlungu lina n'kupeza matayala a njinga yanga atang'ambidwa ndi mpeni. Masana anyamata aja ankadutsa pakhomo pathu pa njinga yamoto, pang'onopang'ono, osapereka moni, akuyang'ana mkazi wanga pakhonde. Ndinadziuza kuti ndi mantha a ana, atha. Ndinkakhulupirira kuti bambo awo sakudziwa.

Kenaka bambo awowo anabwera kudzazonda wodwala. Anabwera masana, atavala jekete lake la kutchalitchi, atanyamula nkhuku ndi botolo la uchi.

"Nkhuku yathadzi, adada?" anatero mkazi wanga. "Ndiye kuti ndadwaladi. Chimfine chija munangobwera ndi malalanje."

"Amama, inu ngakhale mutagona pakamwa sipadwala," anayankha, ndipo tonse tinaseka.

Anakhala nthawi. Anafunsa za mankhwala, anadandaula za mitengo ya feteleza, anapemphera pemphero lalitali labwino. Za mlandu sanatchule. Potsanzika ndinamuperekeza, monga timachitira ndi mlendo. Titafika pamphambano pamene njira ina imapita kumanda, anaima.

"Asambizgi, ife takalamba," anatero. "Ine masiku ano ndikaona chinthu patali sindidziwa ngati ndi munthu kapena chitsa."

"Anga akuonabe, adada. Ndinagula magalasi."

Sanaseke. Anayang'ana nkhalango ija.

"Amama afooka chomene. Ndawaona. Muzikonzeka mtima." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Khasu lija limalemera, asambizgi. Sindikudziwa ngati bambo amene ana ake ali kundende angathe kulinyamula."

Anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri, n'kutsanzika ndi mawu akuti yewo, n'kumapita.

Ndinaima pamphambanopo mpaka iye atazimiririka. Akanati adzanditentha nyumba ndikanadziwa choyankha. Koma iye anadziwa chinthu chokhacho chimene mkazi wanga anatsala nacho.

Nditafika kunyumba mkazi wanga anandiyang'ana kamodzi.

"Mwawaperekeza mpaka kuti, bambo, kuti mubwere ngati mwameza mwala?"

Ndinayesa kuzemba, koma tinali titakhala limodzi nthawi yaitali. Ndinamuuza mawu onse monga ananenedwera. Sanalire. Anangopempha kuti ndimulowetse m'nyumba, ndipo kwa masiku angapo sanafune kutuluka pakhonde. Nkhuku ija inkangoyendayenda pabwalo. Palibe amene anatchula zoti tiiphe.

Masiku amenewo ndinkaganiza zambiri. Sikunali kofunika kunama bodza lalikulu. Ndikanangonena kuti kunali fumbi, ndinali patali, sindinaone bwino amene anagwira chitsulo. Ndani akanatsutsa nkhalamba ya magalasi? Ndinapemphera, koma yankho lokhalo limene ndinkamva linali kupuma kolemera kwa mkazi wanga kuchipinda.

Ndiye anayambitsa yekha nkhaniyo, m'mawa wina ndikumusisita mapazi ndi madzi ofunda.

"Musaganize kuti sindikufuna," anatero. "Ndikufuna kukagona pafupi ndi mwana wanga. Zaka zonsezi palibe china chimene ndakupemphani, ngakhale malata atadontha."

"Ndikudziwa, mayi."

"Koma mukumudziwa mwana wanu uja ndi mafunso ake. Akandifunsa kuti amayi, malowa munawapeza bwanji, ndikayankha kuti chiyani? Kuti tinagula ndi diso la munthu?"

Anandikankha pang'ono ndi phazi.

"Madzi azizira, aphunzitsi. Mukanene zimene munaona. Mwina adada angotiopseza."

Inenso ndinkaganiza choncho. Munthu amene anatema khasu la mwana wanga, amene ndinagawa naye Mgonero zaka zambiri, sindinkamuona akuchita zimenezo.

Kukhoti tinapita kangapo. Ulendo wina mlandu unaimitsidwa chifukwa loya wa anyamatawo sanabwere, wina chifukwa mboni zinadwala. Ulendo uliwonse ndinkasiya mkazi wanga ndi mayi wina wa mpingo n'kukwera galimoto ya matola m'fumbi. Pa benchi ya panja pa khoti abale a anyamatawo ankakhala mbali zanga zonse ziwiri. Mmodzi wa iwo, akusenda nzimbe ndi mpeni, anandifunsa mwaulemu kwambiri kuti, "Amama mwawasiya ndi ndani lero, asambizgi? Nyumba yanu ili payokha chomene."

Woimira boma pa mlanduwo, mayi wachichepere wotopa, anandifunsa ngati pali amene akundiopseza. Anati ndikanena angathe kupempha kuti belo ichotsedwe. Ndinaganiza. Ndikanati chiyani? Kuti munthu anabwera ndi nkhuku ndi uchi n'kupempherera wodwala? Kuti wina anandifunsa za mkazi wanga? Ndinamuuza za matayala okha, koma sindinaone amene anawang'amba.

Amayi awiri aja anaitanidwa ine ndisanalowe. Ndinamva pambuyo pake kuti woyamba anati anali kuchitsime. Wachiwiri anati anamva phokoso koma anali atayang'ana kwina. Potuluka woyambayo anadutsa pafupi ndi ine atazyolika, n'kunong'ona kuti, "Pepani, asambizgi, ndili ndi ana." Sindinamuweruze tsiku limenelo ndipo sindimuweruza lero.

Nthawi yanga itakwana ndinalumbira n'kunena zimene ndinaona. Loya uja anandifunsa za msinkhu wanga ndi za magalasi anga, anafunsa ngati sindikanasokoneza anthu. Ndinati anyamatawo ndinawaphunzitsa kugwira pensulo, ndimawadziwa ngakhale atandifulatira. Ndikulankhula ndinayang'ana kumbuyo kwa khoti. Bambo awo anali atakhala pamenepo, chipewa chili pa bondo, maso ali pansi. Mlandu unaimitsidwanso mpaka chaka chatsopano.

Mkazi wanga anamwalira mvula yoyamba itangogwa, kunja kukununkhira dothi. Anapita m'mawa, mwakachetechete, dzanja lake lili m'langa.

Tsiku lotsatira anthu okumba anafika kumanda m'mamawa monga mwa nthawi zonse. Anakhala pansi m'mphepete mwa nkhalango, makasu ali pamiyendo. Ndinkawaona ndili pakhonde. M'nyumba amayi ankaimba nyimbo. Tinatuma munthu kwa mnzangayo, anabwera ndi yankho lakuti adada msana wawagwira, tidikire pang'ono. Dzuwa linakwera. Tinatumanso, ndipo anati apita ku Mhuju kukafuna mankhwala. Abusa anapita okha. Anapeza chitseko chotseka ndi mkazi wa mnzangayo akulira kuseri kwa nyumba. Palibe amene ananena kuti takana. Khasu lokha silinatemedwe.

Abusa anapempha anthu okumbawo kuti angoyamba. Mkulu wawo anavula chipewa n'kunena kuti, "Abusa, pepani chomene. Ife tili ndi akufa athu m'menemo, ndipo tidzalowamonso tokha. Sitingayambe." Ena anali ana anga a sukulu. Sankandiyang'ana.

Dzuwa litapendeka kunja kunatentha, ndipo aliyense ankadziwa kuti thupi silingadikirenso. Apo m'pamene anandiyandikira bambo wina wachikulire, mmodzi wa matenanti a m'minda yozungulira. Kumbuyo kwake kunali mkazi wa munthu womenyedwa uja. Bamboyo anagwada pafupi ndi ine.

"Aphunzitsi, kwathu kuja malo alipo," anatero. "Si kwabwino ayi, koma kulibe mwini khasu."

Ankanena za kamalo kena kumapeto kwa minda, pafupi ndi waya wa nkhalango ya Vwaza, kumene matenanti amaika anzawo amene sangathe kuwatumiza kwawo. Kuli miyala ndi minga, ndipo nthawi zina njovu zikathyola waya zimadutsa pomwepo. Ndinayang'ana nkhalango ya mwana wanga kanthawi, kenaka ndinavomera.

Titafika kumeneko matenantiwo anaima ndi makasu awo, akuyang'anana. Nawonso anali atazolowera kuti wina ayambe. Bambo wachikulire uja anandipatsa khasu lake. Kwathu mwamuna sakumba manda a mkazi wake. Koma panalibe wina. Ndinatema kamodzi, dothi linali lofewa ndi mvula ija, ndipo anandilanda khasulo n'kundikhazika pa mwala.

Anthu a mpingo anabwera ambiri, sindinganame. Anayenda mtunda wonsewo atanyamula bokosi mosinthana, akuimba m'Chitumbuka, matenanti akuyankha m'Chichewa. Anthu okumba aja anatitsatira chapatali, ndipo pokwirira anathandiza. Munthu womenyedwa uja anabwera pa ngolo, atakhala pa matumba. Tinamaliza dzuwa likulowa.

Chaka chatsopano chitafika mlandu sunapitirire. Kanyumba kamene tenanti uja ankakhala ndi banja lake kanapsa iwo ali kumunda. Patapita masiku ochepa tenantiyo anakauza khoti kuti nkhaniyo akambirana pachibale ndipo sakufunanso kupitiriza. Anadutsa pakhomo panga m'mawa wopita kwawo, atatsamira ndodo, lole ikumudikira kumsewu.

"Aphunzitsi, mundikhululukire," anatero. "Mwataya zambiri chifukwa cha ine. Koma ulendo wina nyumba idzapsa tili momwemo."

Ndinamuuza kuti apite bwino. Sindinamvenso za iye. Anyamata aja anabwerera ku fodya wawo.

Zaka zotsatira zinali zolemera. Ine ndi mnzangayo tinakhalabe akulu a mpingo, pa benchi imodzi kutsogolo. Pa Mgonero mbale ya mkate inkachoka m'manja mwanga kupita m'manja mwake. Sankandiyang'ana. Tikamanena pamodzi pemphero lija limene aliyense amalidziwa, ndikafika pa mawu a kukhululukira ndinkatseka pakamwa, ndipo ndinkayambiranso anthu akadutsa pamenepo. Sindinafune kunamiza Mulungu. Loweruka lililonse ndinkapalasa njinga kupita ku waya kuja kukazula minga. Kumanda a mwana wanga sindinkalowako, poti munthu salowa m'manda a eni popanda chilolezo, ndipo sindinathe kukapempha. Pakhonde ndinatembenuza mpando kuti uyang'ane kumsewu.

Kenaka mnzangayo anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo mawu anamuthera. Ndinakhala masabata ndikudzifunsa ngati ndipite kukamuona. Tsiku lina ndinangovala jekete n'kupita. Ndinamupeza atagonekedwa pa mphasa pansi pa mtengo wa mango, munthu wamkulu uja atachepa ngati mwana. Atandiona anayamba kuvutika, pakamwa pakugwedezeka. Anandigwira pamkono ndi dzanja lake lamoyo, mwamphamvu, osafuna kusiya. Malovu ankatsika pachibwano, ndinamupukuta ndi mpango wanga. Sindikudziwa chimene ankafuna kunena. Mwina kunali kupepesa, mwina ayi. Ndinamupempherera, pemphero lalifupi, n'kubwerera.

Anamwalira chaka chathachi, nyengo yozizira. Ndinapita ku maliro ake, ndipo monga mkulu wa mpingo ndinalowa nawo kumanda m'mamawa kukapemphera asanayambe kukumba. Kanali koyamba kulowamo chimwalirireni mkazi wanga. Mwana wake wamkulu, uja wa chitsulo, tsopano wa imvi m'ndevu, ndiye anatema khasu loyamba. Ine ndinapatuka pang'ono kukafuna manda a mwana wanga. Ndinawapeza. Mtanda unali utapendekeka, ndinauwongola. Pambali pake malo awiri aja anali chikhalire, atamera udzu, anthu ena ataikidwa mozungulira.

Ndili chiimire pamenepo ndinamva munthu kumbuyo kwanga. Anali mwana wamkulu uja, khasu likadali m'manja.

"Asambizgi," anatero, "adada sanalole kuti aliyense aikidwe apa. Anthu anapempha, iwo ankakana." Analoza malo awiriwo. "Malowa ndi anu. Tsiku lanu likadzafika ndidzatema ndine, ndisanamwe n'komwe madzi. Ngati mukufuna, tikhoza kukapempha kuti amama tikawatenge."

Ndinamuyang'ana. Ndinakumbukira kamnyamata kamene kankalira chifukwa cholephera kulemba dzina lake.

"Amama asiyeni agone," ndinatero. "Anavutika kokwanira. Ndipo amene anawalandira kuja anawalandira bwino."

"Nanga inu?"

"Ine ndikagona kumene kuli mkazi wanga."

Anayang'ana manda a mwanayo, nanenso ndinayang'ana. Tonse tinadziwa tanthauzo lake: mwana wanga adzakhala yekha m'nkhalango imeneyo, pakati pa malo awiri opanda anthu. Palibe chimene iye kapena ine tikanachita kuti tonse atatu tigone pamodzi. Anagwada pa udzupo, bambo wamkulu wa ana ake, n'kuyamba kulira. Ndinamupempha chinthu chimodzi chokha, kuti azindilola kulowa kudzalambula. Anagwedeza mutu kuvomera.

Tsopano ndimayenda maulendo awiri. Loweruka lina ndimapita ku waya, lina ku nkhalango. Njinga yayamba kundilemera, ndipo ndikafika ku waya ndimayamba ndapuma pa mwala uja ndisanagwire ntchito. Ndimamuuza mkazi wanga za mwana, kuti mtanda ndaupaka penti, kuti mtengo wa pambali pake wakula. Mpando wa pakhonde ndinaubwezera mmene unalili.

Anthu ena amandifunsa ngati ndimadandaula kuti ndinalankhula kukhoti, poti palibe amene analangidwa. Ndimadandaula kuti mkazi wanga sanapeze chimene ankafuna. Chisoni chimenecho sichinachepe ndipo sindiyembekeza kuti chichepa. Koma zimene ndinanena ndi zimene ndinaona, ndipo iye ndiye anandituma.

Lamlungu lotsatira maliro aja, tikunena pemphero lija, ndinazindikira kuti ndadutsa pa mawu aja osatseka pakamwa. Sindikudziwa tsiku lenileni limene zinachitika mumtima mwanga. Mnzanga uja, ana ake awiri, ndi onse amene anakhala pansi ndi makasu pamiyendo tsiku lija, ndinawakhululukira.